Ndinachotsa Mtundu wa Maliro

Mbamba Bay,
6 Ogasiti 2024.

Okondedwa Amayi,

Moni wochokera tsidya lino la nyanja. Kaya mwadzuka bwanji, nanga bondo lija likukulolani kufika kumsika kapena mwayambanso kutuma ana a eni? Esnart anandiuza kuti mankhwala a BP mumamwa tsiku limene mwawakumbukira. Amayi, amenewo si mankhwala a mutu, ndi a tsiku ndi tsiku. Ine kuno thupi lili bwino. Chimfine cha mwera chinandigwira sabata yatha koma chandisiya.

Mudabwa kuti ndalemba kalata foni ilipo. Ndakuimbirani kawiri sabata ino kuti ndikuuzeni nkhani ili m'munsiyi, ndipo kawiri konse ndathera kufunsa za nkhuku ndi za denga. Pakamwa pakanika, ndiye ndati dzanja liyeseko. Kalatayi ndapatsira a Baraka a boti, akuti ifika kwanuko Lachisanu.

Ntchito ikuyenda, ngati tingaitche ntchito. Zaka zinayi ku yunivesite kuphunzira kupanga mapulogalamu a kompyuta, koma tsiku lonse ndimakhala mu steshenari, kuchita fotokope ziphaso za anthu ndi kutsegula makina akameza pepala. Abwana ndi munthu wabwino, sakalipa. Koma ndikawauza kuti tiyambe kuphunzitsa kompyuta ana a sekondale, amangomwetulira n'kuti pole pole, dada, ndiko kuti pang'onopang'ono, mlongo. Chilichonse kuno ndi pole pole. Mpaka anandipatsa dzina, Dada Haraka, mlongo waphuma, ndipo anyamata a bodaboda, njinga zamoto za hayala, akandiona ndikubwera amaliza hutala n'kumafuula kuti anthu apatuke, basi ya ku Mbinga ikudutsa.

Chiswahili ndayamba kumva, koma nthabwala zimandipitirira, ndimaseka anzanga atamaliza kale. Tsiku lovuta ndi Lamulungu masana. Tikatuluka m'tchalitchi aliyense ali ndi khomo lolowera, ine ndimabwerera kuchipinda n'kuchapa zovala zimene ndinachapa kale.

Tsopano nkhani yake.

Kuno kuli Amalawi ambiri ndithu, ena anaoloka ine ndisanabadwe. Amwazikana kuyambira pano mpaka ku Lipingo, ku Ngumbo ndi kumtunda. Ali ndi bwalo lawo la pa intaneti lotchedwa Padooko. Muliyerekeze ndi bolodi la zidziwitso la pakhomo pa tchalitchi, kungoti ili lili mu foni. Munthu amalembapo mtengo wa usipa, tsiku lonyamuka boti, ukwati, maliro, ndipo abale a kumudzi nawonso amalembapo. Analiyambitsa a Polycarp, katekisiti wopuma, mothandizidwa ndi mdzukulu wawo amene anapita ku Dar es Salaam osabweranso. Atamva kuti kwabwera mtsikana wa digiri ya kompyuta, anandipatsa mawu achinsinsi olowera m'kati kuti ndizilisamalira. Tsiku limenelo ndinakondwa kuposa tsiku lovala gauni lija, chifukwa pamenepo pokha ndi pamene anthu ankanditchula kuti Emma.

Koma Amayi, maonekedwe ake! Tsamba lonse lakuda bii, ndiye pamwamba pake zilembo zing'onozing'ono za mitundumitundu, zobiriwira, zofiira, zoyera, za pepo. Za pepozo pa chinthu chakuda umachita kutsinzina diso limodzi kuti uzione. Ndinaona ndekha mayi wina pamchenga, dzuwa likuswa mtengo, atadzifunditsa chitenje kumutu ngati wodwala malungo, kuti angowerenga mtengo wa nsomba. Ine zinkandiwawa mumtima. Kusukulu ukanapanga tsamba lotere aphunzitsi akanakubwezera osayang'ana kawiri.

Ndinawauza a Polycarp katatu kuti tisinthe. Katatu konse anati tidzakambirana pamsonkhano. Msonkhano woyamba unalephereka chifukwa cha ukwati, wachiwiri chifukwa cha mwera. Ulendo wachitatu anandiseka, akuti ana a digiri mukafika pakhomo mumayamba kufunsa za penti musanafunse kuti mumagona ndani m'nyumbamo. Ndinaseka nawo, koma mumtima ndinati akuluakulu awa akadzamaliza kukambirana ine nditamera imvi.

Kumayambiriro kwa Julaye a Polycarp anapita ku Songea kukachotsa ng'ala m'maso. Pa 7, tsiku la chikondwerero cha kuno cha Saba Saba, ndili ndekha m'chipinda, ndinatsegula kompyuta. Zinanditengera maola awiri okha. Tsamba ndinaliyeretsa mbee, zilembo ndinazidetsa n'kuzikulitsa, mitu yonse ya nkhani ndinaipatsa mtundu umodzi wa buluu. Ndinatuluka nayo foni padzuwa kukayesa, ndipo chilichonse chinkawerengeka osatsinzina. Achinyamata anandiyamikira. Wina wa ku Mbinga analemba kuti tsopano Padooko pafika magetsi. Ndinajambula tsambalo, lakale ndi latsopano, n'kuika zithunzizo m'kalata yofunsira ntchito ku Lilongwe.

Chimene sindinadziwe ndi ichi. Mitundu ija sanaiike chifukwa chosadziwa kukongoletsa. A Polycarp anaitenga ku zovala za ansembe. Wobiriwira, wa masiku wamba, unali wa malonda. Woyera unali wa ukwati ndi ubatizo, wofiira wa ngozi za panyanja. Wa pepo unali wa maliro.

Ndipo akuluakulu ambiri kuno sawerenga. Foni anawagulira ana, n'kuwaikira Padooko pamaso penipeni kuti azingodina. M'mawa munthu amadina, kuyang'ana, ngati palibe pepo amabweza foni m'thumba n'kupita ku ntchito zake. Akaona pepo amasiya zonse. Ku Lipingo amasonkhana pa kaokala ka Mama Yusta, mayi wa konkuno amene anakwatiwa ndi Mmalawi ndipo amawerenga Chichewa, iye n'kuwawerengera mokweza. Akamva dzina amayamba kulondola mtundu: ameneyu ndi mwana wa uje, anakwatiwa kwa akuti, mlongo wake ndi uja amasoka maukonde ku Ngumbo. Pofika masana mwini maliro amakhala atamva. Zaka zisanu ndi zitatu akhala akuchita zimenezi, ndipo ine miyezi khumi ndi umodzi ndili kuno sindinazionepo, chifukwa m'mawa ndimakhala ndikumenyana ndi makina a fotokope.

Ku Lipingoko kuli a Fexon Ngondo, kuno amati Mzee Fexon, mmisiri wokhoma maboti. Kwawo ndi ku Liwaladzi, anaoloka mu 1983. Foni yawo yakale inagwera m'madzi mwezi wa Epulo, ndipo nambala yatsopano abale a kumudzi analibe. Sanade nazo nkhawa. Ankati kukagwa kanthu Padooko panena.

Pa 12 Julaye panabweradi uthenga. Analemba ndi mdzukulu wa malemu, kuti mayi Velina Mbewe a ku Liwaladzi atisiya, agogo a ku Tanzania abwere msanga, tikuwadikira. Anthu pafupifupi mazana awiri anauwerenga bwinobwino, zilembo zakuda pa tsamba loyera. Inenso ndinauwerenga. Ndinalemba pansi pake kuti mzimu wawo uuse mumtendere, n'kupitiriza ntchito. Ife owerengafe sitinadziwe kuti Mbewe ndi dzina la kwa amuna awo, kuti mayiwo ndi Anangondo, mlongo wa a Fexon wa bere limodzi. Nanga agogo a ku Tanzania alipo angati? Amene akanadziwa pongomva dzina anayang'ana foni, anaona buluu, n'kubweza m'thumba.

Ku Liwaladziko anasunga thupi masiku anayi kudikira a Fexon. Pa ana onse a m'mimba imeneyo anatsala ndi iwo okha, ndiwo mwini mbumba, ndiwo anayenera kulankhula mawu a banja. Pa 16 anaika popanda iwo. Ndipo masiku onsewo a Fexon ankauza anthu pamchenga kuti mwezi uno Mulungu watipumitsako, sikunafe munthu. Mawu amenewa ndi amene amandisowetsa mtendere, Amayi. Munthu ankathokoza.

Anamva pa 26, patatha masiku khumi ndi asanu ndi anayi chisinthireni ine. Mayi Olive, amene amayenda malonda pakati pa kuno ndi kwathu, anatsika boti n'kuwapeza akusema thabwa. Iwo anatambasula dzanja, mayiwo analikana. Pamaso pa anthu anawafunsa ngati ali munthu kapena mtengo umene akusemawo, kuti mlongo wawo anunkhe kudikira iwo ali pano kukhoma misomali. Akuti a Fexon poyamba anaseka, kuyesa chipongwe cha masiku onse, chifukwa awiriwa amanyozana ngati achisuweni. Ataona kuti mayi Olive akulira, anatulutsa foni n'kuwaonetsa, akuti taonani nokha, mulibe, mulibe pepo. Kenako anakhala pansi pamchenga, kasemasema ali m'manja.

Nkhani siinachedwe kufika pa ine. Palibe anandinyoza, ndipo bwenzi zili bwino akanandinyoza. Chimene achita n'chakuti Amalawi anzanga ayamba kundipatsa moni m'Chiswahili. Habari, dada. Nzuri. Basi. Mayi amene ankandisungira chinangwa chowotcha, n'kumanditcha mwana wa kwathu, tsopano amandiyankha ngati kasitomala. Ndakhala masiku asanu ndi anayi osalankhula Chichewa ndi munthu maso ndi maso kupatula awiri amene ndikuuzeni.

Woyamba ndi a Polycarp. Atabwerera ndi maso atsopano anandiitanitsa. Ndinapita nditakonzeka kukangana, ndipo ndinakanganadi, mukundidziwa. Iwo anatsegula tsambalo, kuliwerenga mpaka pansi, n'kuvomereza kuti aka n'koyamba kuliwerenga popanda galasi lokulitsira. Anati zilembo zanga n'zabwino, zikuoneka bwino kwa aliyense amene safuna thandizo. Ine ndinati palibe anandiuza za mitunduyo, ndipo sizinalembedwe paliponse, pa tsamba lonse palibe mzere ngakhale umodzi wofotokoza. Iwo anandifunsa kuti akanalembera ndani.

Ine mwana wanu, amene kalata iyi akuchita kukuwerengerani Esnart. Ine amene ndinakula ndikukuonani mukusiyanitsa mankhwala a malemu bambo poyang'ana chivindikiro, chofiira cha m'mawa, choyera cha madzulo, osaphonya ngakhale tsiku limodzi zaka zitatu. Ndinakaphunzira chiyani ku yunivesite chimene chinandiiwalitsa zimenezo? Musavutike kundiuza za safunsa uja anadya phula, ndadziuza kale kokwanira.

Komabe ndisakunamizeni kuti ndasanduka munthu wina. Tsamba lakuda lija silibwerera, ndipo a Polycarp ndawauza. Mayi wofunda chitenje uja nayenso ndi munthu. Chimene ndachita n'chakuti tsamba ndi loyerabe, zilembo zakuda, koma uthenga uliwonse tsopano uli ndi lamba wamkulu wa mtundu wake, woonekera patali, ndi kachithunzi pambali: nsomba pa malonda, mtanda pa maliro. Ulendo uno ndinayenda nayo foni kwa akuluakulu asanu ndi awiri, a Polycarp akundiperekeza. Anandiyankha m'Chiswahili, koma anandiyankha. Agogo ena aakazi anakana pepo wanga katatu, akuti uyu ndi wa diresi la operekeza mkwatibwi, iwo akufuna wa Lenti. Pa pepo wachinayi anagwedeza mutu kuvomera. Ntchito imene ndinaichita maola awiri yanditengera sabata yathunthu, ndipo sindikudziwabe chifukwa chake sitikanaichita chonchi mwezi wa Meyi. Zithunzi zija ndinapempha kuti azichotse m'kalata ya ku Lilongwe, koma akuti inalowa kale.

Wachiwiri ndi a Fexon eni ake. Loweruka ndinakwera bodaboda kupita ku Lipingo. Ndinawapeza pansi pa mtengo wa mango akumata boti. Ndinagwada pamchenga n'kupereka moni, iwo anayankha osatembenuka n'kupitiriza ntchito mpaka mzere wonse unatha. Mawondo anachita dzanzi. Mawu amene ndinakonza m'njira onse anathawa, ndinangoti ndine amene ndinachotsa pepo.

Anati akudziwa. Anapukuta m'manja n'kundiuza kuti ndiwaonetse uthengawo. Ndinali nditaubwezera mtundu wake, ndiye anatenga foni n'kuyang'ana lamba wa pepoyo kwa nthawi, chala chili pamwamba pake osadina. Kenako anati ndiwerenge. Ndinawerenga. Anati ndibwereze, pang'onopang'ono, ndisathamange ngati ndikuthawa galu. Ndinabwereza. Anafunsa kuti anapepesa pansi pake ndi ndani, ndipo ndinawawerengera maina onse makumi atatu ndi limodzi. Nditafika pa langa ndinafuna kulidumpha, koma ndinalitchula. Anaseka pang'ono, kuseka kopanda mano, akuti kani iwe unandipepesa kale ine ndisanamve.

Sananene kuti andikhululukira, ndipo sindinapemphe. Anati mlandu wawo suli ndi ine, uli ku Liwaladzi. Anaimba foni kumeneko ataipeza nambala, ndipo mwana wamkulu wa malemu anawauza kuti ugali, nsima ya ku Tanzania, unawatseka makutu, tsiku lawo likadzafika adzawaike Aswahili awo omwewo. Anayesa kufotokoza za mitunduyo, winayo anadula. Ndipo iwo akuti sakumuimba mlandu. Munthu wamkulu, wa imvi, n'kumanena kuti sindinabwere kudzaika mlongo wanga chifukwa cha utoto, angakhulupirire ndani? Kumeneko akuti uthenga unalembedwa poyera, anthu mazana anauona, ena anapepesa, ndiye iwo okha ndiwo analibe maso?

Akuoloka Loweruka la pa 17 kuti akaone manda. Mukudziwa kuti munthu wochedwa maliro sapita yekha kumanda, amachita kumutsogolera eni mbumba. Mantha awo ndi amenewo, kuti akafika pamudzi pamene anabadwira, akakhala pabwalo, ndipo sipakapezeka woimirira kuti tiyeni tikakuonetseni. Anandiuza kuti Velina ndiye anawabereka kumbuyo amayi awo ali kumunda, ndipo ulendo womaliza kuonana iwo anamulonjeza kuti adzabwera ndi malata.

Ndinawapempha kuti ndikwere nawo ndikalankhule ndekha. Anakana. Akuti boti limodzi sitikwera, ndipo mawu a mwana wobwera ndi wolakwa amamveka ngati ophunzitsidwa m'njira. Kenako anandifunsa kuti ndine mwana wa yani. Nditawauza kuti kwathu ndi pa boma ku Nkhotakota, kuti amayi alipo ndi amalume alipo, anatola chida chawo n'kunena, maso ali pa boti, kuti ndiye njira ya ku Liwaladzi akuidziwa. Ndinadikira pang'ono, n'kutsazika.

Amayi, pempho langa ndi limenelo. Sindinakupempheni kanthu chichokereni, ngakhale mwezi uja ndinadwala, chifukwa ndinachoka ndi mawu akuluakulu oti kwathu kulibe tsogolo ndipo ndinachita manyazi kuwabweza. Ichi ndikupempha. Lankhulani ndi amalume a Isaya, mupite limodzi ku Liwaladzi pasanafike pa 17, kunyumba ya malemu mayi Velina Mbewe, aja Anangondo. Ndikudziwa za bondo, ndikudziwa kuti anthuwo simukuwadziwa, ndikudziwanso zimene amalume anene za ine m'minibasi njira yonse. Anene, ali ndi ufulu. Mutenge ufa ndi nkhuku monga mmene mumachitira popepesa maliro. Esnart apite nanu, foni yake ndaitumizira zithunzi ziwiri, tsamba mmene linalili kale ndi mmene linalili tsiku la uthengawo. Akazionetse kwa akuluakulu a kumeneko, makamaka amene sawerenga. Amenewo akamva msanga kuposa ana awo.

Mukawauze kuti a Fexon ankayang'ana m'mawa uliwonse. Mukawauze kuti sanaphonye tsiku. Mukawauze kuti chizindikiro chimene ankadikira chinachotsedwa ndi munthu, ndipo munthuyo ali ndi dzina ndi kwawo.

Mundiperekere moni kwa amalume ndi azakhali, kwa alamu ndi ana, kwa agogo a ku Benga ngati wina akupita, ndi kwa amayi a Chigwirizano amene anandipempherera ponyamuka. Iwe Esnart, ukamawerenga usadumphe ndime kuti undikometse, ndikukudziwa. Werenga zonse.

Mukakafika, Amayi, musakayambe ndi zoti mwana wanu anapita ku yunivesite, monga muchitira mukakumana ndi alendo. Mukangoti ndinu amake a mtsikana amene anachedwetsa uthenga. Ngati akufuna wonyoza, muwapatse dzina langa lonse ndi nambala yanga, ndiyankha ndipo sindidula. Koma mkuluyo akamutsogolere kumanda.

Ndine mwana wanu wa kutsidya,
Emma.